Mboni ya mu Msongolo

Lolemba, 6 Juni 1983

Ndili mwana, titangofika kumene kuno ku komboni ya Highfield kuchokera ku Katete, ku Zambia, ndinaponda botolo losweka kuseri kwa mpopi wa madzi. Atate anandikhazika pa njerwa, nawotcha singano ndi machesi. Ndinawachonderera kuti adikire mawa. Iwo anapana phazi langa pakati pa mawondo awo n'kuti, "Ichi sichigona m'thupi mwako." Atakachotsa anakaika m'dzanja langa, kagalasi kobiriwira kochepa ngati njere ya mpunga. Ndinachita manyazi kuti ndalirira kanthu kotero.

Ndakumbuka zimenezi lero pamene anesi amamasula bandeji. Andigoneka m'wodi ya amuna, bedi lachiwiri kuchokera pawindo. Msongolo wakumanzere watupa, ukutuluka mafinya. Muli kachitsulo ka bomba kamene kanalowa mu 1978, ndege zitaphulitsa msasa wathu wa omenyera ufulu ku Tete. Bala linapola pamwamba pokha. Chaka chino latseguka.

Kutentha kwa thupi 38.6. Jekeseni ya penisilini kanayi pa tsiku. Febbie, mkazi wanga, wandisiyira kope ili, bulangete la kunyumba ndi malalanje. M'wodi muno mukuzizira.

Lachiwiri, 7 Juni

Amatidzutsa kusanache kuti atiyeze. Kenako tiyi, phala, kusesa, madokotala. Masana anditengera ku ekisire pa njinga ya odwala.

Dokotala, mnyamata wamtali wa magalasi, anakweza chithunzi pawindo n'kundiloza kadontho koyera pambali pa fupa. Akuti fupa layamba kuwola pozungulira kachitsuloko. Mankhwala okha sangathe. Ayenera kung'amba, kukachotsa, ndi kupala fupa. Wandilemba ku fiyeta, kochitira opaleshoni, Lachiwiri likubwerali.

Ndinamufunsa ngati bodi ingandione opaleshoni isanachitike. Bodi ndi gulu la madokotala amene amaona ife ovulala pankhondo n'kugamula chipukutamisozi cha munthu. Pempho langa ndinapereka mu 1981, ndipo mpaka lero sanandiitane. Dokotala anati za bodi si zake, iye zake ndi mwendo. Anayankha mofulumira kwambiri, maso ali pa chithunzi. Sindinakonde.

Lachinayi, 9 Juni

Anansi anga. Kumanja kuli Lenox, komuredi, womenyera ufulu mnzanga, wa ku Tafara, mnyamata ndithu, mkono wake wamanja unauma chipolopolo chitadula mtsempha. Mayi ake ndi a ku Chadiza, choncho Chichewa amachimva, koma akatenthedwa amathawira ku Chishona. Amanditchula Ticha, chifukwa ndinamuuza kuti ndinkaphunzitsa sukulu ya madzulo ndisanawoloke malire kutsatira ana a m'kalasi mwanga.

Kumanzere, pawindo, kuli bambo wachikulire, a Hector. Mwendo wawo wamanja unadulidwa pamwamba pa bondo, ndipo abwera chifukwa chitsa cha mwendowo chachita chilonda. Salankhula. Alibe owazonda. Amapichira fodya m'nyuzipepala, n'kumangomununkhiza, popeza kusuta muno n'koletsedwa.

Lenox atamva za Lachiwiri anakhala tsonga.

"Ticha, mwasayina?"

"Ndasayina."

"Maiwe! Bodi siwerenga mapepala, Ticha, imawerenga thupi. Mnzanga wina anachotsetsa chipolopolo. Atapita ku bodi anamuuza kuti chipsera icho n'cha njinga. Inu amene chitupa chanu chimati munabadwira ku Zambia, akakukhulupirirani ndi chiyani?"

Wanena zimene ndakhala ndikuganiza ndekha. Kalaliki wa ku ofesi ya zipukutamisozi anandifunsapo kuti munthu wa ku Zambia nkhondo ya kuno inamukhudza bwanji. Ku Tete ndinali womasulira pakati pa makomuredi ndi anthu a m'midzi. Amene ankandidziwa ambiri anatsala mumsasa uja tsiku la ndege. Otsalawo sindidziwa kumene ali. Mboni yanga ndi imodzi, ndipo ili mu msongolo.

Kenako Lenox anatsitsa mawu, akuloza pawindo ndi chibwano. Akuti a Hector ankayendetsa lole ya asilikali a boma lakale. Akutinso ofesi ili ndi maso m'mawodi, anthu oona ngati wodwala amatsimphinadi madokotala akachoka.

Ndinacheuka. A Hector anali akuyang'ana phazi langa.

Lamlungu, 12 Juni

Febbie wabwera atatuluka ku tchalitchi. Wabweretsa nkhwani wotendera, nsomba za kapenta, mabanzi ndi botolo la mahewu. Natalia, mwana wathu, watsala akuyang'anira tebulo la tomato ku msika wa Machipisa.

Lachitatu lililonse Febbie amasiya malonda n'kupita ku ofesi ija m'tauni. Ili pamwamba, nyumba yosanja, ndipo chikepe chake chinafa kalekale. Amakhala pa benchi ndi akazi ena ndi amuna a ndodo mpaka kalaliki atanena kuti lero zatha. Sabata ino amuuza kuti fayelo yanga ili kwa bwana. Sabata yatha inali kwa wolemba pa makina. Mwezi watha inali itasowa.

"Ikuyenda, bambo a Natalia," anatero. "Kusowa kuja n'kumene kunali koipa."

Ndimamuyang'ana akumasula mfundo ya kansalu ka chakudya. Zala zake zakhakhala ndi madzi ozizira otsukira ndiwo zamasamba. Pamene ndinkamufunsira anali wosoka, zala zosalala, ndipo ankaseka kuti ndimalankhula ngati buku. Sindinamuuze zimene Lenox wanena.

Pochoka anagawira a Hector banzi. Iwo analandira ndi manja awiri n'kuti, "Zikomo, mayi," m'Chichewa cha ku Tete, chija chokoka mawu. Sabata yathunthu ndagona pambali pawo osadziwa kuti zonse zimene ine ndi Lenox timanong'onezana amazimva.

Lachiwiri, 14 Juni

Dzulo anapachika kachikwangwani pa bedi langa koti ndisadye kapena kumwa kanthu. Munthu wopita ku fiyeta amayenera kukhala ndi mimba yopanda kanthu, apo ayi mankhwala ogonetsa angamusanzitse n'kumutsamwitsa.

M'mamawa, anesi ali kumapeto kwa wodi, ndinatsegula kabati n'kudya banzi. Linali louma, lovuta kumeza. Atabwera ondinyamula ndinauza Sisita Mutasa, mkulu wa wodi ino, kuti ndadya moiwala.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Baba Miti, mphunzitsi wathunthu, chikwangwani chili pamutu panu?"

Andichotsa pa mndandanda. Lachiwiri linalo. Lenox anandimenya paphewa ndi dzanja lake labwino. A Hector anatembenukira kuwindo.

Ndagula sabata imodzi. Mwina fayelo ituluka kwa bwana.

Lachitatu, 15 Juni

39.1. Mwanabele watupa. Asintha mankhwala, tsopano akudzera mu dilipi. Potsuka bala ndinaluma pilo.

Lachisanu, 17 Juni

Lero ndaseka mpaka bala kuwawa.

Masana kunalowa munthu wa suti yakuda, chikwama cha mapepala m'khwapa. Anaima pakhomo n'kumayang'ana bedi ndi bedi. Lenox, amene anali ataimirira akusewera drafuti ya zitsekerero za mabotolo ndi mkulu wina wa kumapeto, anangoti, "Ofesi!" Wodi yonse inagwa. Amene ankayenda anagona. Amene ankadya anabisa mbale. Mkulu wa drafuti uja, yemwe m'mawa ndinamuona akuthamangira tiyi, anayamba kubuula ngati ng'ombe. Inenso, ndisabise, ndinatulutsa mwendo kunja kwa bulangete kuti uoneke.

Munthuyo anayenda pang'onopang'ono, nkhope ikuwala. Anaima pa bedi la Lenox n'kuti waona kuti wafika pa nthawi yake. Anali wa bungwe la maliro la ku Mbare, akufuna anthu olembetsa. Bokosi labwino, basi yonyamula olira, ndi ufa wa pamaliro.

Sisita Mutasa anamutulutsa. Kubuula kunatha iye asanafike n'komwe pakhomo.

Munthu mmodzi yekha sanabuule, a Hector. Lenox akuti chifukwa ankadziwa kale kuti si wa ofesi. Nanga akanadziwa bwanji ngati a ofesi sawadziwa?

Lamlungu, 19 Juni

Ndinasinza nthawi ya ozonda odwala. Podzidzimuka ndinapeza Febbie atakhala pa mpando pakati pa bedi langa ndi la a Hector, akucheza motsitsa mawu. Atandiona anasiya.

Ndinamufunsa zimene amakamba. Akuti za ku Moatize, kwawo kwa a Hector, ndi za mtengo wa tomato. Akuti bamboyo amakhala yekha m'kachipinda ka lendi ku Mabvuku, mkazi anabwerera kwawo, ndipo anthu a mumsewu mwawo samupatsa moni chifukwa cha yunifolomu imene ankavala.

"Amake Natalia, musamachuluke nawo nkhani. Simukuwadziwa."

"Inu mukuwadziwa?"

"Ndikudziwa lole imene ankayendetsa."

"Lole ili kuti pano? Ine ndikuona munthu wa mwendo umodzi wopanda womubweretsera ndiwo."

Wasiya mahewu ndi mbatata yophika. Fayelo ikadali kwa bwana. Bwana ali ku msonkhano ku Gweru.

Madzulo ndinayesa kucheza nawo ndekha, kuti ndione ngati angapunthwe. Ndinawafunsa ngati ndalama yawo inatuluka. Anati inatuluka. Ndinafunsa ngati amapitapitabe ku ofesi. Anati masitepe aja anawakwerapo kamodzi, ali kumsana kwa munthu ngati thumba la chimanga, ndipo sadzabwererako. Kenako anandifunsa ngati zala za kuphazi ndimazimva. Funso lotani limenelo? Ndinati ndimazimva bwinobwino. Sindinanene kuti ziwiri zazing'ono zimachita dzanzi.

Lachiwiri, 21 Juni

M'mawa ndamwa mahewu, theka la botolo.

Sisita Mutasa sanakalipe. Anangochotsa kachikwangwani n'kunena kuti pa mndandanda wa lero anachotsapo mwana wothyoka ntchafu kuti ine ndilowe. Zimenezo zandikhala pamtima tsiku lonse.

Dokotala sanabwere pa bedi langa. Ndinamuona pakhomo akulankhula ndi Sisita, onse awiri akuyang'ana kuno. N'chifukwa chiyani akulimbikira chonchi kachitsulo kanga? Lenox akuti madokotala a muno ndi a ku bodi amamwera tiyi pamodzi, ndipo chitsulo chilichonse chochotsedwa ndi ndalama yopulumutsidwa. Sindikudziwa. Nkhope ya mnyamatayo si ya wakuba. Koma ndi nkhope iti imene ili ya wakuba? Kumsasa, amene analozera ndege malo athu ankadya nafe mbale imodzi, ndipo mpaka lero sitidziwa kuti anali ndani.

Lachinayi, 23 Juni

39.7. Kunjenjemera. Sindinadye. Bandeji asintha kawiri. Fungo ndayamba kulimva ndekha.

Loweruka, 25 Juni

Dokotala wabwera ngakhale si tsiku lake. Anatenga cholembera n'kujambula mzere pa khungu, pamene kufiira kwafika. Mzere wina, umene anajambula Lachitatu, uli m'munsi. Wa lero wakwera zala zitatu kulunjika ku bondo.

Anati, "Bambo, Lachiwiri likubwerali ndikhoza kuchotsa chitsulo. Lachiwiri linalo mwina ndidzachotsa mwendo. Ndikufuna mumve bwino."

Ndinamufunsa ngati angalembe kuti chitsulocho anachipeza m'thupi mwanga. Anati amalemba zonse zimene wapeza. Ndinati zolemba zimasowa, yanga fayelo inasowapo. Anavula magalasi n'kutikita maso, ndipo ndinaona kuti ndi mwana chabe, msinkhu wa ana aja ndinkawaphunzitsa. 

Atachoka, Lenox anati ndi mmene amaopsezera. Akuti ndilimbe sabata ina imodzi yokha, wamva kuti bodi ikhala mwezi wa mawa. Wamva kwa ndani? Kwa munthu amene anamva kwa munthu.

Ndayang'ana mizere iwiri ija mpaka dzuwa kuchoka pawindo. Mwendo uwu unandinyamula kuchokera ku Highfield mpaka ku Tete, n'kundibweza. Ndili mnyamata ndinkathamanga nawo kuzungulira bwalo la Gwanzura kufunafuna pobowoka pa mpanda kuti ndionere mpira ulere. Koma ndikauchotsa umboni, zaka zonse zija zikhala nkhani ya pakamwa panga pokha. Natalia anasiya sukulu chaka chatha kuti azithandiza amake. Chipukutamisozi chija ndi chimene ndinamulonjeza kuti chidzamubwezera m'kalasi.

Lolemba, 27 Juni

Ndilemba zonse.

Febbie wabwera lero, tsiku losakhala lake, alibe kansalu ka chakudya. Kumbuyo kwake kunali Sisita Mutasa. Anatsegula kabati yanga n'kutulutsa zonse: malalanje, mbatata, shuga, ngakhale kapu. Sisita ananyamula n'kupita nazo. Febbie anakhala pa mpando, chikwama pamiyendo.

"Bambo a Natalia, banzi lija simunadye moiwala."

Ndinayang'ana kabati yopanda kanthu ija.

"Mahewu aja, amene ndinaphika ndi manja angawa, munamwa dala. Ine ndizikwera masitepe aja Lachitatu lililonse, inu muli pano kudya mabanzi kuti mwendo uwole?"

"Wakuuzani ndani?"

"Zaka zinayi ndinakhala osadziwa ngati muli moyo. Anthu ankati ndivale zakuda, ndinakana. Munabwera ndi miyendo iwiri. Ndiye mukaupereke lero kwa kalaliki?"

"Ndafunsa kuti wakuuzani ndani."

"Ndine, aphunzitsi," anatero a Hector. "Ndawauza mayiwa, ndawauzanso a Sisita. Ndipo mukadyanso mawa ndidzanenanso."

Lenox anadzuka. "Ndinanena ine! Mutengesi!" Ndilo dzina limene kunkhondo tinkatchula wogulitsa anzake, ndipo silinkatchulidwa mwamasewera. 

Ndinawafunsa a Hector kuti ofesi imawalipira zingati.

"Akanamandilipira bwenzi ndikupichira fodya m'nyuzipepala?"

Kenako anakankha bulangete n'kuyamba kumasula bandeji ya chitsa chawo. Febbie anafuna kuyang'ana kumbali, iwo anati, "Ayi mayi, onani." Analoza m'munsi mwa chitsacho, pa matiresi popanda kanthu.

"Chitsulo changa chinali apa. Lole inaponda bomba lokwirira, la anyamata anu omwewo. Kachitsulo kanalowa pa katumba. Anzanga ku kampu anati, Hector, usachotse, dikira bodi ione. Ifenso tinali ndi bodi yathu, aphunzitsi, ndipo inkachedwa chimodzimodzi. Ndinasunga. Ndinkathawa madokotala ngati ngongole. Tsiku limene bodi inandiona inandilembera zabwino kwambiri. Sanatsutse kanthu. Munthu wopanda mwendo samutsutsa."

Anayamba kukulunga bandeji ija, pang'onopang'ono.

"Mumati ndimayang'ana phazi lanu. Ndimayang'anadi. Fungo ili ndimalidziwa, ndinagona nalo. Zala zing'onozing'onozo simukuzimva, musandinamize."

Febbie anandiyang'ana. Ndinayang'ana kudenga.

Febbie atapita, Lenox anasendera pafupi. Akuti ndisapusitsidwe: munthu wa mbali ija sangafune kuti komuredi alandire zambiri, ndipo nkhani ya mwendo wake palibe angaitsimikize. Akuti za chakudya ndisade nkhawa, iye ali ndi mbatata pansi pa pilo.

Kachikwangwani apachikanso. 39.9. Mzere wachitatu uli pafupi ndi bondo.

Zonena za Lenox zikhoza kukhala zoona. Za a Hector nazonso. Ndatopa ndi kuyeza nkhope za anthu.

Lachinayi, 30 Juni

Mwendo ulipo. Ndaugwira.

Lachisanu, 1 Julaye

Ululu. Jekeseni yoletsa ululu kawiri. Kapaipi kotulutsa zoipa kali m'bala. 38.2. Ndamwa tiyi.

Lamlungu, 3 Julaye

Lero ndili ndi mphamvu yolemba za Lachiwiri.

M'mamawa Lenox anadutsa ngati akupita kuchimbudzi n'kulowetsa mbatata pansi pa bulangete langa. Inali yozizira, yokulungidwa m'pepala. Ndinaigwira nthawi yaitali. Njala ndinalibe, koma kuluma kamodzi kokha kukanakwanira. A Hector anali maso, akundiyang'ana. Sanaitane Sisita. Ndinkayembekezera kuti aitana, ndipo mwina ndinkafuna aitane, kuti mlandu ukhale wawo.

Ndinamva mawilo a bedi la ku fiyeta akulira m'khonde. Ndinatambasula dzanja n'kuwapatsa mbatata ija. Anaisenda ndi chikhadabo n'kuidya yonse ine ndikuona, mpaka kunyambita zala.

"Ilibe mchere," anatero.

Lenox sanandilankhule masiku awiri.

Dokotala akuti anapala fupa kwambiri ndipo ndizitsimphina moyo wanga wonse, koma bondo lapulumuka. Kachala kakang'ono kamodzi anadula. Mankhwala a mu dilipi apitirira milungu ina.

Dzulo Sisita Mutasa anabwera ndi kabotolo ka mankhwala kotsekedwa bwino, n'kukaika m'dzanja langa. "Katundu wanu, Baba Miti. Adokotala anati ndikupatseni m'manja." M'katimo muli kachitsulo kakuda, kopindika, kosaposa njere ya chimanga. Ndinakagwedeza, kanalira pa galasi. Zaka zonsezi ndinkakaganiza kakakulu ngati mpeni. Manyazi aja a pa njerwa ya ku mpopi anandibwerera, ndipo ndinalakalaka atate akanakhalapo kuti andiseke.

Lenox anakayang'ana n'kupukusa mutu. Akuti kachitsulo ka m'botolo aliyense angatole pa msewu. Sindinamutsutse. N'zoona.

Febbie wabweretsa nkhuku. Wagawa patatu. Lenox poyamba anakana kudya mbale imene yadutsa kwa a Hector, kenako fungo linamugonjetsa.

Lachiwiri, 5 Julaye

Achotsa kapaipi. 37.4. Andiimiritsa ndi ndodo ziwiri, ndafika pawindo n'kubwerera. Thukuta thupi lonse. A Hector amandilangiza kagwiridwe ka ndodo: kulemera kukhale m'manja, osati m'khwapa.

Popita kokasambitsidwa ndinasowa poika kabotolo. Kabati satseka. Ndinayang'ana kumanja, ndinayang'ana kumanzere. Ndinakapereka kwa a Hector. Pobwera ndinakatsegula n'kuyang'anitsitsa ngati kali komweko. Anandiona ndikuchita zimenezo.

"Ndasinthanitsa ndi changa," anatero. "Changa chinali chokongola kuposa ichi."

Ndinaseka, komabe ndinakayang'ananso kachiwiri.

Lachitatu, 6 Julaye

Febbie wafika madzulo, nthawi ya ozonda itatsala pang'ono kutha, akupuma mwawefuwefu. Wachokera ku ofesi. Sanakhale n'komwe pansi.

"Akuitanani."

Akuti anali pa benchi monga mwa masiku onse, kalaliki n'kutulukira pakhomo n'kutchula dzina langa lonse, Yosiya Miti. Iye anayamba wayang'ana uku ndi uku, kuiwala kuti ndi iyeyo woyenera kuyankha. Bodi idzandiona Lachinayi pa 21 mwezi uno, m'mawa, ku ofesi komweko. Ndipite ndi chitupa ndi zonse za kuchipatala.

Lenox anamenya bedi. "Mwaona, Ticha? Milungu itatu yokha! Mukanalimba!"

Ndinayang'ana mizere ya dokotala ija. Sinafufutike bwino, wachitatu ukuonekabe pansi pa bondo. 

Mtima sunakhazikike. N'chifukwa chiyani andiitana tsopano, kachitsulo katangotuluka? Anawauza ndani kuti katuluka? Ndinayang'ana a Hector. Anali akununkhiza fodya wawo, maso ali kunja. Mwina palibe anawauza. Mwina bwana wangobwera kuchokera ku Gweru. Mwina akandiuza kuti chipsera n'cha njinga ndipo kachitsulo n'ka pa msewu, ndipo Natalia akhalabe pa tebulo la tomato. Ndikanena zimene ndikudziwa: dzina la mtsinje umene unali kuseri kwa msasa, mayina a ana anga a m'kalasi amene anatsala kumeneko. Akakhulupirira kapena ayi, izo n'zawo.

Sisita akuti adokotala andilola kutuluka tsikulo ndi kubwerera madzulo.

Febbie anakhala pansi tsopano, n'kuvula nsapato imodzi kuti phazi lipume. Anati pali vuto limodzi: chikepe sanakonzebe. Afunsa anyamata awiri a ku Machipisa kuti adzandinyamule pa masitepe.

A Hector anatembenuka. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana phazi langa monga amachitira.

Ndamuuza Febbie kuti anyamatawo awasiye agulitse malonda awo. Tidzanyamuka m'mamawa, iye atanyamula kabotolo, ine ndodo. Ndidzakwera ndekha.